Ntchito yotulutsa agalu m'timakola ku Bangwe: mmene tayendera kuyambira Meyi

Meyi

Komiti yathu ya chitetezo cha m'dera yagwirizana zoyamba ntchito imene ena akuti ndi ya anthu osowa chochita: kulowa pakhomo lililonse pamene pali galu, kuona mmene galuyo amakhalira masana, ndi kukambirana ndi eni ake zimene zingasinthe popanda kuwononga ndalama zambiri. Kope andipatsa ine. Ndizilemba zimene zatheka ndi zimene zakanika.

Chatidzutsa ndi milandu ya ana olumidwa. Imafika kwa ife chifukwa imadanitsa anthu oyandikana nyumba, ndipo ukaitsata bwino umapeza kuti yambiri mutu wake ndi umodzi. Galu woluma si uja amangoyendayenda kumsika. Ndi wa m'kakhola ka matabwa kuseri kwa nyumba, wotsekeredwa kuyambira m'bandakucha mpaka anthu atagona, amene tsiku limenelo wathyola thabwa kapena wina waiwala kukhoma.

Tayambira pa katemera wa chiwewe. Kuyambira 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi a boma oona za ziweto, limabaya agalu mu mzinda wa Blantyre, ndipo chaka choyambacho anabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 ogwira ntchito. Cholinga ndi kufikira agalu 70 pa 100 alionse, chifukwa zikafika pamenepo matendawa amasowa podumphira. Tinakaima pabwalo la sukulu pamene amabayira. Anyamata amabwera ndi agalu achikuda pa chingwe cha khonje, ena osamanga n'komwe, galu akungotsata mwini wake pambuyo. Jakisoni kulowa, galu kulira kamodzi, basi kwatha. Koma agalu a m'makola aja pamzere panalibe. Titafunsa bambo wina, anatiyankha kuti, "Achimwene, ameneyo angamugwire ndani? Ine mwini wakene chakudya ndimachita kumuponyera." Ndiye kuti galu amene angathe kuluma munthu mosavuta ndi yemwenso amaphonya katemera.

Juni

Tayenda makomo ambiri a mbali ya kumtunda. Timakola timene taona timafanana ngati kuti anapanga munthu mmodzi: matabwa a paini, lata limodzi pamwamba, kutalika kofika m'chiuno, mkati moti galu wamkulu akafuna kutembenuka amakhula nthiti m'matabwa. Pansi pali chimbudzi chake cha masiku angapo. Mbale ya madzi mulibe, kapena ilimo koma anaigubuduza m'mawa. Kwina anatseka ndi masaka mbali zonse kuti galu asaone munthu.

Eni ake si anthu ankhanza. Ambiri anaberedwapo, ena kangapo, ndipo galuyo anamugula ndi ndalama imene akanagulira thumba la chimanga. Chimene anamva kwa anzawo n'chakuti galu akazolowera anthu salusa, choncho asaone munthu masana kuti usiku atuluke ali moto. Ena amawonjezera tsabola m'chakudya, ena mpaka chamba. Mantha a akubawa ndi enieni, ndipo tagwirizana kuti tisalowe pakhomo pa munthu ndi chala choloza.

Mlangizi wa ziweto amene tikuyenda naye Loweruka ndi amene watitsegula maso pa zimene tikuona. Galu ndi nyama yokhala pagulu. Ngakhale amagona maola 12 kapena 14 patsiku, amafuna kugona pamene akuona kapena kumva anthu ake. Sakonda kudziipitsira pamene amagona, moti ngakhale kamwana ka galu kakangoyamba kuyenda kamachoka pogona kukachitira pambali; galu wogonera chimbudzi chake wakakamizidwa kuchita chinthu chimene thupi lake limakana. Dziko amalidziwa ndi mphuno. Pamene ife taona mtengo, iye wawerengapo kale amene wadutsa, ngati ndi galu wamkazi kapena wamphongo, ndiponso ngati wadutsa kalekale kapena posachedwa. Kumutsekera m'bokosi ndi kumulanda zonsezi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku.

Tsono chimene anthu amachitcha kulusa, nthawi zambiri ndi mantha osakanikirana ndi kunyong'onyeka. Galu wotere sasiyanitsa wakuba ndi mwana wobwera kudzapala moto, chifukwa sanapatsidwe mpata wodziwa kuti anthu a pamalopo ndi ati. Ndipo poti amauwa tsiku lonse, a pakhomo makutu anazolowera. Akadzauwa usiku pa chifukwa chenicheni, adzuke ndani?

Funso limene latithandiza kwambiri pokambirana ndi ili: kumudzi kwanu agalu amatsekeredwa? Onse amati ayi, amakhala pabwalo, amapita kumunda, amagona pamthunzi wa nkhokwe. Nanga usiku mlendo akalowa m'mudzi sauwa? Amauwa mpaka mudzi wonse kudzuka. Kuteteza malo ake galu amabadwa nako. Sitichita kumuikira ndi tsabola.

Julayi

Tasankha kupempha zinthu zitatu zokha poyamba: madzi tsiku lonse, kuchotsa chimbudzi m'mawa uliwonse, ndi kuti galu atuluke masana. Ziwiri zoyambazo anthu avomera msanga. Mbale ikamagubuduzika, taphunzira kuikumbira pansi kapena kuiika mkati mwa tayala lakale.

Chachitatu ndiye chavuta, chifukwa mapoloti ambiri kuno alibe mpanda wathunthu. Kalipentala wa m'komiti mwathu wabwera ndi nzeru ya waya woyendapo: waya wolimba womangidwa pamwamba pakati pa mitengo iwiri kapena mizati, mphete yotsetsereka pa wayayo, ndi tcheni chopepuka chochokera pa mphete kufika pa lamba wa m'khosi. Galu amayenda kutalika kwa bwalo, amafika pamthunzi ndi pamadzi, amaona pakhomo. Si ufulu wonse ayi, ndipo sitikufuna kuti akhale pamenepo usana ndi usiku, koma kusiyana kwake ndi bokosi n'kwakukulu. Lamba akhale wansalu kapena wachikopa, wolola zala ziwiri kulowa. Taona agalu awiri amene waya wa m'khosi unalowa m'mnofu chifukwa anawamanga ali aang'ono n'kuiwala kuti khosi limakula.

Pakhomo poyamba kuvomera ndi pa agogo ena osunga zidzukulu. Galu wawo dzina lake Zaone, wamphongo, wosakanizika ndi achizungu, ndipo wakhala m'khola kuyambira ali kamwana. Mlangizi anatiletsa kungotsegula chitseko. Galu wotere amafunika kumuyamba pang'onopang'ono. Mdzukulu wamkulu, mnyamata wa ku sekondale amene amamupatsa chakudya, anayamba kumakhala pafupi ndi khola madzulo, chammbali, osamuyang'anitsitsa m'maso, akumuponyera kanthu kamodzikamodzi. Kenako kumupatsa ndi dzanja pa mpata wa matabwa. Kenako lamba. Kenako kuyenda naye mamawa anthu asanachuluke m'njira.

Ulendo woyamba ndinapita nawo. Zaone sanathamange, sanalumphire munthu. Anangoika mphuno pansi. Chitsa chilichonse, mwala uliwonse, pamene panakodza galu wina amaimapo nthawi yaitali. Mnyamata uja amafuna kumukoka kuti aziyenda, mlangizi n'kumuuza kuti, "Musiyeni, mphwanga, ulendo wake ndi womwewo." Atabwerera anamwa madzi n'kugona pakhonde mpaka masana. Agogo anati, "Ana inu, chibwerere galu ameneyu sindinamuonepo atagona chotambasula miyendo."

Chimodzi sichinasinthe: akangomva phokoso, Zaone amazungulira pamalo amodzi, mzungulo wofanana kukula ndi khola lake lija, ngakhale ali pabwalo lalikulu. Mlangizi akuti khalidwe lotere limayamba chifukwa chopanikizika, ndipo limachedwa kutha. Kwa ena silitheratu.

Ogasiti

Mwezi uno tapita kwa ana, ku Sande sukulu ndi pabwalo la mpira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, WHO, limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, pafupifupi onse atachitenga kwa galu, ndipo mwa olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, 40 pa 100 ndi ana osafika zaka 15. Ana ndiwo amagenda agalu, ndiwo amathawa akauwidwa, ndiwonso amabisa bala poopa kukalipiridwa.

Tawaphunzitsa kuti galu amalankhula asanalume. Amayamba ndi zazing'ono: kunyambita milomo pamene palibe chakudya, kuyasamula pamene alibe tulo, kutembenuza mutu, kupinda makutu kumbuyo, kufumbata mchira. Zikapanda kumveka amauma thupi lonse n'kukuyang'ana cham'mbali, choyera cha diso chikuoneka. Kenako mawu a pakhosi aja, mano pamtunda. Kuluma ndi komaliza. Ana ambiri amadziwa kuti galu wogwedeza mchira ndi wokondwa, ndiye tinawauza kuti ayang'anenso thupi: mchira woimirira, wogwedezeka mouma, thupi lili gwa, si moni ameneyo. Galu amene akudya, amene wagona, amene ali ndi ana, asiyidwe. Akakuthamangira, ima chilili, manja pachifuwa, maso kumbali. Kuthawa kumadzutsa mtima wake wosaka. Ukalumidwa kapena kukandidwa, tsuka bala ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, uuze wamkulu, ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale bala likhale laling'ono. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika.

Mkangano waukulu unabuka ndi akuluakulu. Bambo wina, munthu woti amakondadi agalu ake, anati galu akakuopseza ndi mawu a pakhosi umumenye pomwepo kuti adziwe bwana ndani. Maganizo amenewa si a kuno kokha. Azungu nawo anawakhulupirira zaka zambiri, potengera zimene Rudolph Schenkel analemba mu 1947 ataonerera mimbulu yotsekeredwa kumalo osungira nyama ku Basel, ku Switzerland, yosachokera banja limodzi, imene inkalimbirana ukulu. Koma David Mech, amene anaonerera mimbulu ili kwawo kutchire pa chilumba cha Ellesmere ku Canada, analemba mu 1999 kuti gulu la mimbulu ndi banja chabe, make ndi bambo wake ndi ana awo. Nkhondo ija inabadwa chifukwa cha mpanda. Ndipo galu wa pakhomo si mmbulu.

Chimene ndinawauza bambowo n'chakuti mukamenya galu chifukwa wachenjeza, mantha ake simunawachotse, mwangochotsa chenjezo. Mawa adzaluma osanena. Sanavomere, koma anatilola kubweranso.

28 Seputembala

Lero ndi tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse, tsiku limene Louis Pasteur, wopanga katemera woyamba wa matendawa, anamwalira mu 1895. Zaone wabayidwa sabata ino, mnyamata uja atamugwira lamba ndi dzanja limodzi. Agalu ena angapo a m'makola nawonso abayidwa, chifukwa tsopano pakhomo pali munthu wotha kuwagwira.

Okutobala

Kwafa galu pakhomo lina pamene anatikaniza kulowa mu Juni. A pakhomo anapita ku maliro m'mawa, pobwera madzulo anamupeza atauma m'khola, lilime lili kunja. Poyamba amati wina wamuthirira tameki. Mlangizi atayang'ana kholalo, lata lili pamtunda penipeni pa msana wa galu, dzuwa likuwomba kuyambira m'mawa, mbale ili gwa, anati ndi kutentha.

Ndalemba izi ndi mtima wowawa, chifukwa imfa imeneyi ndi yapang'onopang'ono. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife. Pang'ono chabe ku mapazi. Amadziziziritsa ndi kupuma kwa wefuwefu kuja, ndipo kuti kugwire ntchito pamafunika mpweya woyenda ndi madzi oti amwe. Thupi lake ndi lotentha kale kuposa lathu, madigiri 38 kapena 39. M'bokosi lotsekedwa ndi masaka mpweya umene akupuma ndi wotentha womwewo. Galu wa makilogalamu 20 amafuna madzi osachepera lita imodzi patsiku, ndipo mwezi uno kuposa pamenepo. Pabwalo akanakumba dothi pansi pa mtengo n'kugoneka mimba pozizira. Kukumba kumene anthu amamenyera agalu, nthawi ino n'kudzipulumutsa.

Mukapeza galu akupuma movutika, dovu lili chuchuchu, akudzandira, mutengereni pamthunzi, mum'thire madzi ozizira thupi lonse makamaka kumimba ndi m'mphechepeche, mum'kupize, ndipo muitane a zanyama. Osamufunditsa chiguduli chonyowa, chimasunga kutentha.

Sabata yotsatira makomo amene amazengereza anayamba kutiitana okha. Kalipentala wakhala akukweza madenga, kuchotsa masaka, kuika udzu pamwamba pa lata, ndi kusunthira makola pansi pa mitengo ya mango. Khola lisanduke chogona chotseguka, choti galu azilowa yekha akafuna.

Novembala

Za chakudya sitinalimbane nazo kwambiri, chifukwa anthu akupereka zimene ali nazo. Nsima ya mgaiwa yosakaniza ndi fumbi la usipa kapena bonya, masamba ophika pang'ono, mafupa aakulu aawisi oti azikukuta, zimamusunga galu wachikuda bwinobwino. Nsima yokhayokha ayi. Tachenjeza za mafupa ophika a nkhuku amene amasweka mosongoka, za msuzi wodzaza anyezi ndi adyo zimene zimawononga magazi a galu, ndi za kumumwetsa bulufeni akadwala. Ena amapaka oyilo wakuda wa galimoto pa galu wa mphere. Oyiloyo amaotcha khungu, ndipo galu amamunyambita. Chikhulupiriro chakuti galu wanjala ndiye amalonda bwino tachitsutsa poyera. Galu wanjala ndi amene amathamangira nyama imene wakuba waponya pa mpanda.

Galu wamkazi wa pakhomo lina waswa ana asanu, ndipo ogula anayamba kubwera maso asanatseguke n'komwe. Tawapempha mayi a pakhomopo kuti adikire masabata 8. Bere la galu ndi la masiku pafupifupi 63, maso amatseguka pakatha masabata awiri, ndipo kuyambira sabata yachitatu kufika ya 12 ndi pamene kagalu kamaphunzira chimene chili choopsa ndi chimene sichili. M'mera mpoyamba. Kakamaluma mnzake mopweteka, mnzakeyo amalira n'kusiya kusewera, ndipo kamaphunzira kufewetsa mano. Kakaona ana, nkhuku, njinga, agogo a ndodo pa nthawi imeneyi, kadzakula kosadzidzimuka nazo. Tiagalu togulitsidwa m'mbali mwa msewu, tonyamulidwa m'manja padzuwa tili ndi masabata anayi, timaphonya zonsezi, kenako n'kukalowa m'bokosi. Mayiwo anati, "Bambo, ndiye ndiziwadyetsa chiyani masabata onsewo?" Funso loona. Komiti yasonkha mgaiwa pang'ono, ndipo ogula awiri avomera kulipiriratu theka. Za kutseketsa make tikukambirana. Tamva kuti a Blantyre SPCA, bungwe losamalira nyama, amathandiza pa zimenezi, ndipo wapampando apita kukafunsa.

Disembala

Mvula yabwera ndi mphutsi za pakhungu. Ntchentche yake imaikira mazira pa dothi la pamthunzi, makamaka pamene pali mkodzo ndi chimbudzi, ndipo galu akagonapo timphutsi timaboola khungu. Mumaona zotupa zokhala ndi kabowo pakati. Kupaka Vaseline pa kabowoko kumaitsekera mpweya, ndiye imasuzumira n'kufinyika mosavuta. Makomo amene amasesa m'mawa uliwonse ndi kuika thabwa kapena thumba louma pogona galu, vutoli lachepa. Nkhupakupa ndi nthata nazo zachuluka, ndipo mlangizi akuyenda ndi mankhwala osambitsira. Wachenjeza kuti dibi wa ng'ombe asamayezedwe ndi maso.

Makombola a Khirisimasi ndi chaka chatsopano atipatsa ntchito ina. Galu amamva mawu amene khutu la munthu silifikako, ndipo kuphulika kumene ife timasangalala nako kwa iye ndi tsoka losadziwika kochokera. Agalu awiri anadula tcheni n'kusowa. Mmodzi wapezeka ku Namiyango. Tauza anthu kuti usiku wa makombola ndi wa mabingu galu aloledwe kubisala m'khitchini kapena pakhonde lotchingika, ndipo wothawira pansi pa bedi asakokedwe.

Januwale

Pali chobwerera m'mbuyo. Pakhomo lina pamene galu anatuluka m'khola mu Okutobala pabedwa usiku wa mvula yamphamvu. Atenga batire ya galimoto ndi mbaula. Bambo a pakhomopo akuti galu sanauwe chifukwa tinamufewetsa, ndipo amubwezera m'bokosi. Oyandikana nawo akuti anamumva akuuwa koma mvula pa malata inaphimba zonse. Sitinakangane nawo, munthu ali pa chisoni cha katundu wake. Tawapempha kuti madzi ndi denga lokwezedwa zikhalebe, ndiponso kuti mwana wawo apitirize kuyenda naye m'mawa. Avomera madzi ndi denga. Za kuyenda ati aganizira.

Nkhaniyi yafala, ndipo makomo ena amene anali pafupi kuvomera abwerera. Kwa agogo kuja zinthu zikuyendabe. Zaone masana amakhala pa waya kapena womasuka zidzukulu zikakhala pakhomo, ana a pafupi amawadziwa, ndipo munthu wachilendo akaima pa geti amauwa mpaka wina atuluke. Kuzungulira kuja kwachepa koma kulipo. Chiyambire Okutobala komiti sinalandire mlandu wa mwana wolumidwa kuchokera m'makomo amene tikugwira nawo ntchito, ngakhale miyezi itatu ndi yochepa kuti tinenepo zambiri.

Pa msonkhano wa Loweruka tagwirizana kuti alonda athu oyenda usiku azilemba makomo amene galu wauwa iwo akudutsa, kuti pokambirana ndi okayika tizikhala ndi zimene taona tokha. Kalipentala akufuna waya wina ndi mphete, ndipo thumba la komiti latsala pang'ono kuuma, choncho tikapempha kwa eni mashopu a pamsika amene nawonso amadalira agalu usiku. Mbali ya kumunsi, kutsidya kwa mtsinje, sitinayambe n'komwe. Tikufuna tikafikeko mvula ikangodula, kuti pofika katemera wa chaka chino agalu a kumeneko akhale ndi munthu wotha kuwagwira lamba.